Chaka Chimene Bambo Mfumu Adadwala

Amayi anzanga, sabata ino ndapempha malo pa tsamba lathu lino kuti ndikusimbireni nkhani imene yakhala ikundilemera mumtima kwa zaka zingapo. Si nkhani ya kaphikidwe ka ndiwo kapena ya kasokedwe ka malaya a ana monga tidazolowera, komabe ndikhulupirira kuti mukaiwerenga mpaka kumapeto mudzaona kuti ikukhudza mphika wanu ndi lilime lanu, monga momwe idakhudzira mphika wanga ndi lilime langa. Dzina la wansembe amene ndikuwanenawo sinditchula, ngakhalenso dzina la parishi yathu, pakuti iwo ali moyo ndipo ndidawalakwira kale mokwanira.

Ine ndine mayi wapabanja wa kuno ku zigwa za Kasungu, kumene ukakwera pa chulu maso ako amangoona minda ya fodya ndi zigafa mpaka kukalekezera ku phiri la Kasungu. Inu a m'tauni mumawerenga chaka pa kalendala, koma ife timachiwerenga pa tsamba la fodya. Mu Seputembala ndi Okutobala timathirira nazale kudambo. Mvula yoyamba ikagwa timawokera. Kuyambira Januwale mpaka Malichi timathyola, kusoka ndi kuyanika m'zigafa. Kenaka timasankha masamba, amuna nadinda mabelo opita ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Tsono nyengo ya Lenti, pamene Mpingo uli ndi ntchito yambiri koposa, imagwa pa nthawi yomweyo imene manja athu ada ndi utomoni wa fodya, ndiponso misewu yathu yasanduka matope okhaokha. Nkhani yangayi idachitika m'nyengo yotere.

Parishi yathu ndi yaikulu. Kuwonjezera pa tchalitchi cha pamishoni, pali matchalitchi ambiri a m'midzi ndi a m'maesiteti, ndipo ena ali tsidya lina la mitsinje imene imadzaza m'dzinja. Chaka chimenecho Bambo Mfumu adali okha, pakuti wansembe amene ankawathandiza adatumizidwa kukapitiriza maphunziro. Lamulungu lililonse ankachita Misa zitatu m'malo atatu otalikirana, ndipo pakati pa sabata ankayendera odwala, kulapitsa akhristu, kuweruza milandu ya mabanja ndi kuyang'anira sukulu. Ife tinkaona zonsezi ngati zinthu wamba, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene adayamba wafunsapo ngati Abambo atopa.

Zizindikiro zidalipo, koma tidazimasulira molakwa. Bambo adayamba kuwonda, mkanjo nuwakulira. Ankamwa madzi pafupipafupi, ndipo powerenga Mthenga Wabwino ankasendeza buku pafupi ndi maso. Lamulungu lina adafika ku tchalitchi chathu cha kumudzi dzuwa litapendeka kale, atachita Misa ziwiri kwina. Ali pa guwa manja awo ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu, mawu akutuluka mokokeka ngati a munthu amene wagona ku mowa. Adalumpha pemphero lina, agulupa nawakumbutsa monong'ona.

M'mawa mwake tidali m'chigafa, amayi asanu ndi mmodzi, tikusoka fodya. Mukudziwa inu nomwe kuti pamene manja ali pa ntchito pakamwa sipakhala chete. Mnzathu wina adayambitsa nkhani ya dzulo lake, ndipo ine, pofuna kuseketsa anzanga, ndidati, "Kapena vinyo wa pa guwa wayamba kuwakomera Abambo." Tonse tidaseka. Ine ndidaiwala mawuwo dzuwa lisanalowe, koma mawuwo adanyamuka ulendo. Pasanathe masabata awiri ndidakumana nawo kuchigayo, pakamwa pa mayi wa mudzi wina, atanenepa kale: akuti Bambo Mfumu amamwa usiku wonse, akuti ndalama za mtulo zikuthera ku mowa. Ndidangoti kukamwa yasa ngati mlendo, osaulula kuti udzu umenewu ndidaufesa ndine.

Sabata lachitatu la Lenti Bambo adakomoka akuvula zovala za Misa. Adawatengera ku chipatala cha paboma, kenaka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 120. Lamulungu lotsatira agulupa adawerenga kalata yochokera kwa Ambuye Episkopi, yonena kuti Bambo Mfumu apatsidwa tchuthi cha miyezi ingapo kuti alandire chithandizo ndi kupumula. Apo ndi pamene tidamva zoona zake. Bambo adali ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo kuphazi adali ndi chilonda chimene adachibisa mu nsapato kwa nthawi yaitali. Namwino wina wa mumpingo mwathu adatifotokozera kuti munthu amene akumwa mankhwala a shuga, akakhala nthawi yaitali osadya kwinaku akugwira ntchito, shuga amatsika kwambiri m'magazi mwake, ndipo amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kulankhula ngati woledzera. Tsiku lija Bambo adali asanalawe kanthu chiyambire m'mawa. Chimene ine ndidachitcha kuledzera idali njala ya munthu wodwala amene adathamangira kudzatichitira ife Misa.

Akuluakulu adati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Ambuye Episkopi adapempha wansembe wa parishi yoyandikana nafe kuti azitiyang'anira, koma nawonso adali ndi nkhosa zawo zochuluka. Ankafika pamishoni kawiri pa mwezi, ndipo ku tchalitchi chathu cha kumudzi tidakhala miyezi inayi osaona Misa. Pa Pasaka amene adali ndi mphamvu adayenda wapansi kupita kumishoni, koma nkhalamba ndi amayi oyembekezera adatsala. Akatekumeni athu, amene adaphunzira nthawi yaitali poyembekeza ubatizo wa usiku wa Pasaka, adauzidwa kuti adikire. Nthawi imeneyo utenanti udali usanaletsedwe ndi lamulo la mu 2021, ndipo mabanja ena a matenanti a m'maesiteti adali atakonza zodalitsa maukwati awo asanabwerere kwawo ku Mulanje ndi ku Thyolo. Fodya atagulitsidwa adakwera malole, napita osadalitsidwa.

Koma chimene chidandilasa ine ndi imfa ya apongozi anga aakazi. Iwo adali a Legio ya Maria kuyambira utsikana wawo, ndipo kawirikawiri ankanena kuti chinthu chimodzi chokha chimene amapempha kwa Mulungu ndicho chakuti asadzafe osalapa ndi osadzozedwa mafuta oyera. Mu Epulo adagwidwa ndi chibayo. Tidapita nawo ku chipatala, adokotala nayesetsa, koma mphamvu zidawathera ndipo adapempha kuti akafere pakhomo pawo. Tidatuma mnyamata pa njinga kukaitana wansembe wa parishi ina ija. Adapeza atapita ku maliro kutali, ndiponso mlatho wa pa njira yachidule udali utakokoloka. Usiku wonse ndidakhala pambali pa mphasa yawo. Akamva galu akuuwa, kapena njinga yamoto ikulira kumsewu, ankatsekula maso nafunsa kuti, "Anaphiri, kodi Abambo afika?" Ine ndinkayankha kuti, "Ali m'njira, amayi." Adandifunsa katatu. Tambala woyamba atalira adatsirizika. Wansembe adafika madzulo ake, matope mpaka m'maondo, napeza amuna akukhoma bokosi.

Sindikunena kuti miseche yanga ndiyo idadwalitsa Bambo Mfumu. Koma usiku umenewo ndidadzifunsa mafunso amene sadandichokebe mpaka lero. Tikadaona kuwonda kwawo ndi maso achifundo, tikadapita kwa agulupa kukanena kuti Abambo akudwala, akakamizidwe kupita ku chipatala msanga, kodi chilonda chija chikadafika pamene chidafikapo? Mwina akadapumula mwezi umodzi m'malo mwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mwina apongozi anga akadalandira chimene adachilakalaka moyo wawo wonse. Madzi akatayika sawoleka.

Komabe sindifuna kuti muganize kuti apongozi anga adamwalira ngati munthu wopanda abale. Usiku uja m'nyumba mudadzaza amayi a mphakati wathu. Adapemphera kolona mosinthanasinthana mpaka mbandakucha. Akatekisiti adawerenga Mawu a Mulungu, nawathandiza kunena pemphero la chisoni pa machimo, ndipo adatilimbitsa mtima kuti Mulungu samangidwa manja ndi mlatho wokokoloka: munthu amene walapa ndi mtima wonse, nafunitsitsa sakramenti koma wansembe osapezeka, chifundo cha Mulungu chimampeza pamene wagonapo. Kupereka nsembe ya Misa, kulapitsa ndi kudzoza odwala ndi ntchito za wansembe yekha, ndipo zimenezi tidazisowa mopweteka. Koma usiku umenewo ndidayamba kuona kuti ntchito zotsalazo, zimene ndi zambiri ndithu, zili m'manja mwathu.

Ana athu amayesa kuti miphakati idakhalapo chikhalire, koma sizili tero ayi. Mu 1972 Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, adakhala Episkopi wa Dayosizi ya Lilongwe, imene imafika kuno ku Kasungu. Iwo adaitanitsa msonkhano wa dayosizi yonse, umene udayenda kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo akhristu eni ake adaloledwa kulankhulapo pamodzi ndi ansembe. Mfundo yake yaikulu idali yakuti Mpingo ndife tonse: akhristu oyandikana nyumba azisonkhana m'timagulu, aziwerenga Mawu a Mulungu, azisamala odwala awo ndi kuphunzitsa ana awo, osadikira wansembe pa kanthu kalikonse. Mu 1976 maepiskopi a m'maiko a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, adagwirizana kuti timagulu totere tikhale patsogolo pa ntchito zonse za Mpingo. Kuno timati mphakati, anzathu a kumwera amati limana. Boma la nthawi imeneyo lidakayikira timaguluti, kotero kuti Ambuye Kalilombe adachoka m'dziko muno mu 1976, natula pansi udindo wawo mu 1979. Adabwerera kwawo patapita zaka zambiri, namwalira mu 2012. Mbusa adachoka, koma miphakati idatsala, chifukwa idadzalidwa kuti izipirira pa nthawi imene mbusa palibe.

Ife tidali titaiwala zimenezi. Mphakati wathu udali utasanduka malo otolerako mtulo ndi kumverako zolengeza basi. Kudwala kwa Bambo ndiko kudaudzutsa. Tidagawana midzi, amayi awiriawiri, kuti Lachitatu lililonse tiziyendera odwala titanyamula kaufa ndi nkhuni. Ena adatenga ana a Tilitonse, ena adayang'anira za maliro, ndipo Lamulungu akatekisiti ankatsogolera mapemphero m'tchalitchi modzaza monga kale. Ntchito yovuta koposa idabwera m'nyengo ya okushoni. Inu nonse mukudziwa mmene mabanja amagwedezekera ndalama za fodya zikafika: bambo apita ku boma kukatapa ndalama kubanki, nabwerako patatha sabata m'thumba muli gwa, pamene mayi ndi ana ndiwo adapsa ndi dzuwa m'munda. Kale milandu yotereyi yonse inkakathera pakhomo pa Bambo Mfumu, ngakhale pakati pa usiku. Chaka chimenecho tidaikamba tokha pamodzi ndi ankhoswe ndi alangizi a mabanja, ndipo yambiri idatha bwino. Ndidachita manyazi pozindikira kuti katundu wambiri amene tinkasenzetsa munthu mmodzi adali wathu womwe. Mutu umodzi susenza denga, koma ife tidali titausenzetsa.

Akatekisiti adatiphunzitsanso kuti Mpingo udaika kale malamulo oteteza ansembe ake, ndipo kuti amene timawaphwanya ndi ife akhristu ndi zopempha zathu. Buku la malamulo a Mpingo la mu 1983 limalola Bambo Mfumu kupumula mpaka mwezi umodzi pa chaka. Limati wansembe azichita Misa imodzi pa tsiku, ndipo pamene ansembe ali ochepa episkopi angamlole ziwiri, kapena zitatu pa Lamulungu ndi pa masiku akuluakulu a Mpingo. Ndiye kuti Misa zitatu zimene ife tinkaziyesa chizolowezi ndiwo adali malire enieni. Bukulo limanenanso kuti wansembe akadwala kapena kukalamba asamalidwe moyenera, ndi kuti Bambo Mfumu akalephera ntchito chifukwa cha matenda, episkopi aike wina wogwirizira. Koma Bambo athu adatha zaka zitatu osapita ku tchuthi. Akati akonzeke, wina mwa ife ankafika nati, "Nanga ukwati wa mwana wanga adalitsa ndani, Abambo?" Ndipo iwo ankamasula chikwama.

Bambo Mfumu adabwerera mu Seputembala, ife tikuthirira nazale. Adafika akuyendera ndodo, pakuti chala chimodzi cha kuphazi adali atawadula. Ndidalimbana ndi mtima wanga masabata awiri, kenaka ndidamanga chitenje changa ndi kupita kumishoni. Ndidawapeza pakhonde, ndipo ndidagwada ndi kunena kuti, "Abambo, ndabwera kudzapepesa. Mphekesera ija yakuti mumamwa, woyamba kuilankhula ndidali ine."

Adakhala chete kanthawi, akuyang'ana phazi lawo. Kenaka adati, "Dzukani, amayi, khalani pa mpando apa. Mphekeserayo idandipeza ndili m'chipatala, ndipo sindikunamizani, idandiwawa kuposa phazili. Koma nanenso ndili ndi mlandu wanga. Ndidabisa matenda poganiza kuti ndikapumula parishi igwa. Ndabwerako ndapeza kuti sidagwe. Kumeneko kudali kudzikuza." Atatero adandifunsa za apongozi anga, ndipo nditawasimbira za usiku uja adagwetsa misozi. Sabata lotsatira adabwera kwathu, nachita Misa, nadalitsa manda awo.

Kuyambira pamenepo tidakonzanso cholakwa china chimene chidali cha ife amayi tokha, ndicho cha mphika. Wansembe akafika kumudzi timafuna kumulemekeza, tsono timamuikira tiyi wa shuga masupuni anayi, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, thobwa lothira shuga, mpunga, nsima yoyera mitanda isanu ndi nkhuku yosambira m'mafuta. Iye sangakane, poopa kukhumudwitsa mayi amene wapha nkhuku yake imodzi yokhayo. Mawa lake mudzi wina uchita chimodzimodzi, ndipo mwezi wonse umatha motero. Timati tikumulemekeza pamene tikumukumbira dzenje. Tsopano timayamba tafunsa chimene adokotala adawaloleza. Timaphika mgaiwa, nkhwani, bonongwe, chisoso, nyemba ndi usipa, mafuta ndi mchere pang'ono, ndi madzi owiritsa pambali. Akafika kuchokera ku Misa ina timawapatsa kanthu kaye asanakwere pa guwa, pakuti malamulo a Mpingo amalola wansembe amene akuchita Misa yachiwiri kapena yachitatu kulawa kanthu pakati pake. Bungwe la parishi lidagwirizananso kuti tsiku limodzi pa sabata pakhomo pa Bambo pasamagogodedwe, kupatula ngati munthu ali kayakaya.

Zonsezi zidandibwerera m'maganizo pa 14 Disembala 2020, tili m'nyengo yowokera fodya, pamene tidamva pa wailesi kuti Ambuye Tarcisius Ziyaye, Arkiepiskopi wa Lilongwe kuyambira 2013, amwalira ku Namibia kumene adapita kukalandira chithandizo cha mankhwala. Padapita miyezi khumi mpando uli wopanda mwini, kufikira Ambuye George Tambala adasankhidwa mu Okutobala 2021, ndipo miyezi yonseyo miphakati sidaleke kusonkhana. Matenda saopa mkanjo, ngakhale woyera wa ku Roma. Pa 11 Febuluwale 2013, limene ndi Tsiku la Odwala mu Mpingo, Papa Benedict XVI adalengeza kuti akutula pansi udindo chifukwa mphamvu zidawachepera. Mu 2025 Papa Francis adagona m'chipatala masiku 38, ndipo adamwalira pa 21 Epulo chaka chomwecho. Ngati apapa, amene ali ndi madokotala pakhomo, amafooka chomwechi, nanga kuli bwanji wansembe wa kumudzi amene amawoloka Bua ndi Dwangwa pa njinga yamoto, m'mimba muli pululu?

Amayi anzanga, ndikudziwa kuti tsamba lino limawerengedwa ndi a mipingo yosiyanasiyana. Inu amene muli ndi abusa, inu amene muli ndi mashehe, nkhaniyi ndi yanunso, pakuti onsewa ndi ana obadwa kwa mayi ngati ife, ndipo magazi awo amathamanga monga athu. Wansembe wathu alibe mkazi woti amuone kuti lero sanadye, kapena kuti akutsimphina. Maso amenewo ayenera kukhala athu. Ndikupemphani zinthu zitatu. Mukaona mtsogoleri wanu wa mpingo akusintha maonekedwe kapena kalankhulidwe, yambani mwafunsa za umoyo wake kwa akuluakulu oyenera, musanatsekule pakamwa kuchigayo. Akati apite ku tchuthi kapena ku chipatala, mlekeni apite, ndipo ukwati wa mwana wanu udikire mwezi umodzi. Ndipo ntchito imene mphakati wanu kapena chigwirizano chanu chingathe, igwireni lero lomwe, iye akadali wamphamvu, musadikire kalata yochokera kwa Ambuye Episkopi monga tidachitira ife.

Mukatha kuwerenga tsambali, yang'ananinso bambo a m'nyumba mwanu. Kodi nawonso ayamba kuwonda, kumwa madzi usiku wonse, kapena kubisa chilonda mu nsapato poopa kuti akagona m'chipatala fodya aonongeka m'chigafa? Kuyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi sikutenga nthawi yaitali. Apelekezeni sabata lomwe lino, ndipo nanunso mukayezetse.

Ine Lachitatu likudzali ndili ndi ulendo woyendera odwala a mudzi wa tsidya, ndipo podutsa ndidzalambula manda a apongozi anga. Tsalani bwino, amayi, mpaka tidzakumanenso pa tsamba lino.